Musatumize kaye ndalamazo, onani ngati kosiyo ili pamndandanda wa NCHE

Achimwene, positala imene yakopa mng'ono wanuyo, ya computer engineering yoti ukangomaliza ntchito ili pakhomo, yandiwiritsa magazi. Yofanana nayo ndi imene inadya ndalama za fodya za bambo anga.

Koleji imene ndinaphunzirayo sinditchula, ili m'tauni pamwamba pa mashopu. Tikukalembetsa anatiloza satifiketi ya NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, ili mu fulemu pakhoma, bambo mtima pansi, n'kulipira. Chimene sanatiuze n'chakuti kulembetsedwa kwa koleji ku NCHE ndi nkhani ina, kuvomerezedwa kwa kosi iliyonse ndi nkhani inanso. Ine ndinakazidziwira mu intavyu, dipuloma ili m'manja.

Tsiku limenelo ndinavala jekete yobwereka kwa msuweni, manja ake ofika m'zala. Usiku wonse ndinali nditaloweza za ma IP address ndi ma router. Mayi wina wa pa panelo anatenga dipuloma ija, kuiyang'ana kutsogolo, kuitembenuza, kenako n'kutsegula laputopu osanena kanthu. Anzawo aja anangoti zii, wina akuseweretsa cholembera. Ndiye anatembenuzira sikirini kwa ine amvekere, "Bambo, tatipezerani kosi yanu apa." Ndinayendetsa chala kutsika, kukweranso. Dzina la koleji linalipo ndithu, pansi pake makosi a bizinesi ndi accounting. Yathu kulibe. Thukuta linatsika kumsana mpaka malaya kumata. Funso la network sanandifunse ndi limodzi lomwe, anangobwezera mapepala mu envelopu mwaulemu n'kundikankhira. Ndili pa siteji ya minibasi bambo anaimba kufunsa kuti zayenda bwanji, ine foni ndinangoiyang'ana mpaka inaduka.

Nditapita ku koleji kuja, mkulu wa mu ofesi akuti "tili mkati mokambirana nawo, zitheka posachedwa". Mawu omwewo anauzanso amene anabwera pambuyo pathu! Anthu opanda chisoni, amadziwa bwinobwino kuti makolo akugulitsa mbuzi ndi chimanga. Labu yawo makompyuta ambiri anali akufa, router tinkaiphunzira pa bolodi ndi choko. Malipiro amene analemba pa positala anali a madola, okopera ku America, ngati kuti Kanengo ndi California. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo n'kuona ana akukwera masitepe aja mtima umandiwawa.

Ndiye chitani izi. Mndandanda wa NCHE muuone nokha, muyang'ane dzina la kosiyo, osati la sukulu lokha, ndipo sikirinishoti yotumiziridwa ndi a kolejiwo musaiwerengere. Auzeni akupatseni mayina a makampani kumene ophunzira awo akugwira ntchito, koma munthu woti mucheze naye mumupeze nokha. Mnyamatayo atenge Nation ndi Daily Times za masabata angapo, awerenge ma vacancy a ICT ndi engineering, aone mapepala amene akufunidwa. Pamenepo palibe amene akumutsatsa malonda. Ngati mapointi a MSCE ali bwino ayesere MUBAS, Poly yakale ija imene inaima payokha mu 2021, kapena MUST ku Thyolo, ndipo Mzuni ilinso ndi ICT. Akafuna kudzatchedwa injiniya weniweni afunsiretu ku Malawi Engineering Institution ngati pepala limenelo angadzalembetse nalo. Mapointi akavuta asanyoze makoleji a TEVETA monga Soche, Nasawa kapena Lilongwe Technical. Anyamata a zamagetsi ochokera kumeneko akumangirira ma solar, sagona ndi njala.

Komanso ndinene zoona, pepala lisamuzunguze mutu kwambiri. Ine chimene chikundidyetsa lero ndi zomwe ndinaphunzira ndekha pa YouTube usiku ndi bandulo yotchipa, kenako n'kudzalemba CCNA, mayeso a za network a kampani ya Cisco. Makasitomala anga palibe amene anafunsapo dipuloma, amangofuna Wi-Fi igwire. Za pa intaneti zambiri n'zabodza, makamaka anyamata a pa TikTok oti coding miyezi itatu uyamba kulandira madola, koma zophunzira zenizeni zilinso komweko.

Nditumizireni dzina la kosiyo ku inbox tiyang'ane limodzi madzulo ano. Dipoziti imene akuti mulipire pa Airtel Money Lachisanu lisanafike chifukwa malo akutha, igwireni kaye. Ifenso anatiuza choncho, koma m'kalasi mipando ina inali yopanda anthu chaka chonse.