Kwa wa Giredi 12 wofunsa za ma alkane

Wafunsa kuti zitheka bwanji methane, petulo ndi phula la kandulo kukhala banja limodzi pomwe wina ndi mpweya, wina ndi wamadzimadzi, wina ndi wolimba, komanso ngati uyenera kuloweza fomula ya aliyense mayeso a ECZ, bungwe la mayeso la Zambia, asanafike. Usadzivute choncho mng'ono wanga. Gwira imodzi yokha ya banja lonseli la ma alkane: CnH2n+2.

Kachilembo n kakuimira kuchuluka kwa ma atomu a kaboni. Ukaika 1 upeza CH4, methane, yemwe amatuluka ndowe za ng'ombe zikamawola m'thanki ya biogas. Ukaika 3 ndi C3H8, propane, ukaika 4 ndi C4H10, butane, ndipo awiriwa ndiwo ali m'masilinda a gasi wophikira amene akugulitsidwa mu Chipata muno. Wotsatira aliyense amaposa mnzake ndi CH2, choncho kulemera kwa molekyu kumakwera ndi 14 nthawi zonse. Homologous series ndi imeneyo: fomula imodzi, khalidwe lofanana, koma maonekedwe osintha pang'onopang'ono.

Tsono apa ndiye pagona funso lako. Tcheni cha kaboni chikamatalika, mamolekyu amakokana mwamphamvu, ndiye kuti uwalekanitse pamafunika kutentha kwambiri. Methane amawira pa -162°C, propane pa -42°C, butane pafupi ndi 0°C, pentane (wa kaboni 5) pa 36°C, hexane (wa kaboni 6) pa 69°C. Pentane ameneyu ukamusiya poyera ku Mfuwe masana otentha a Okutobala, akhoza kuwira popanda moto. A kaboni 1 mpaka 4 ndi mpweya, kuyambira pa kaboni 5 ndi amadzimadzi, monga a mu petulo ndi palafini, ndipo tcheni chikafika cha m'ma 20 ndi phula. Kusiyana kumeneku n'kumene kumathandiza kulekanitsa mafuta osayenga, ntchito imene inkachitika ku Indeni ku Ndola.

Ambiri amagwa pa funso la bromine water, madzi ofiirira oyesera ngati molekyu ili ndi double bond. Ma alkane ali ndi single bond zokhazokha (cholumikizira chimodzi pakati pa ma atomu awiri), alibe malo olandirira atomu ina, ndiye madziwo sasintha mtundu. Ethene, yemwe si alkane, ali ndi double bond (zolumikizira ziwiri) ndipo amawasandutsa opanda mtundu. Ulembe "colourless", osati "clear", oika malikisi sakhululuka pamenepo.

Za kuyaka n'zosavuta: okosijeni akakwanira umapeza CO2 ndi madzi, akachepa pamatuluka mwaye ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka.

Yesa wekha kulemba wa kaboni 8 ndi wa kaboni 10, uike mayankho pansipa ndiwaone.