Ndalama za smart grid: mukulipira chiyani kwenikweni?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti kampani imene imamugulitsa magetsi yalengeza kuti iwononga ndalama zankhaninkhani pokonza mawaya ndi kuika smart grid (zipangizo zamakono ndi makompyuta zoyang'anira mmene magetsi akuyendera pa mawaya), ndipo yapempha kuti mtengo wa magetsi ukwere. Akufunsa ngati ntchitoyi ndi yothandizadi kapena ndi njira chabe yomudyera ndalama.

Zikomo pondilembera. Ntchitoyi ndi yofunika ndithu, koma musaombere m'manja pulani iliyonse chifukwa choti aitchula dzina lamakono.

Pa mawaya akale, nthambi ikagwera waya usiku, kampani imadziwa pokhapokha anthu akayamba kuimba foni. Amisiri amayenda polo ndi polo, tochi m'manja, kufunafuna pamene pavuta. Kumene aika zipangizo zatsopano, swichi ya pa polo imadula magetsi yokha, n'kuyesa kuyatsanso pakangopita masekondi ochepa. Vuto likakhalapobe, kachigawo kowonongekako kamapatulidwa, ndipo ena onse amalandira magetsi kudzera waya wina. Nayo mita ya m'nyumba imatumiza uthenga isanazime, moti amisiri amanyamuka akudziwa kolowera.

Kuyendetsa magetsi osaona zimene zikuchitika pa mawaya n'koopsa. Pa 14 Ogasiti 2003 anthu pafupifupi 50 miliyoni ku United States ndi Canada anakhala mumdima. Zinayambira ku Ohio, kumene mawaya anatentha n'kulendewera mpaka kugunda mitengo, pamene alamu ya pa kompyuta m'chipinda choyang'anira inali itasiya kugwira ntchito. Pomwe ogwira ntchito ankazindikira, madzi anali atafika kale m'khosi.

Komabe ndalama zambiri m'mapulani otere sizipita ku makompyuta. Zimapita ku mawaya, mapolo ndi mathiransifoma, ndipo ine ndikuona kuti n'koyenera kutero. Mu 2023 bungwe la mayiko osiyanasiyana loona za mphamvu monga magetsi ndi mafuta la International Energy Agency linanena kuti pofika 2040 dziko lapansi liyenera kuwonjezera kapena kukonzanso mawaya otalika makilomita 80 miliyoni, komanso kuti ndalama zopita ku ntchitoyi ziyenera kupitirira madola 600 biliyoni pachaka pofika 2030. Chaka chomwecho European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inati pafupifupi 40 peresenti ya mawaya ogawira magetsi m'mayikowo apitirira zaka 40. Mawayawa anamangidwa kuti magetsi aziyenda njira imodzi, kuchoka kumene amapangidwa kupita kunyumba. Lero sola ya padenga imabweza magetsi m'mawaya masana, ndipo magalimoto a magetsi amakoka mphamvu yambiri madzulo. Thiransifoma yokalamba ngakhale muiike sensa (kachipangizo koyeza mmene ikugwirira ntchito), ikalemedwa ipsa basi. Sensayo ingokuuzani msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. M'mayiko ambiri phindu limene kampani imaloledwa kupeza limawerengedwa potengera mtengo wa zinthu zimene yamanga. Ikamanga zambiri, imapezanso zambiri, kaya inu mwaona kusintha kaya ayi. Ndipo mamita atsopano amayamba kupindulira kampaniyo: sifunikanso kutumiza anthu owerenga mita, imagwira akuba magetsi, imatha kudula munthu ili ku ofesi. Kampani ya Enel ku Italy inayamba kuika mamita otere mu 2001 ndipo inafika pa nyumba ndi mabizinesi pafupifupi 30 miliyoni, choncho njirayi si yachilendo. Funso n'lakuti ndalama zopulumutsidwazo zibwerera pa bilu yanu kapena ayi.

Chitetezo nacho musachiiwale. Mu Disembala 2015 akuba a pa kompyuta analowa m'makina a makampani ogawa magetsi ku Ukraine n'kuzimitsira makasitomala oposa 200,000. Pulani yosatchula ndalama zotetezera makinawa ndi yoperewera.

Popeza mtengo sukwera popanda chilolezo cha bungwe loyang'anira za magetsi, lemberani bungwelo kapena pitani kumsonkhano wake womva maganizo a anthu. Funsani kuti panopa kasitomala mmodzi amakhala maola angati pachaka wopanda magetsi, amazimitsidwa kangati, ndipo manambalawa atsika kufika pati ntchito ikatha. Kampani iliyonse yolongosoka imasunga manambala amenewa. Funsaninso chimene chidzachitike ikalephera. Ku Britain, bungwe la Ofgem limapatsa makampani ogawa magetsi mphotho kapena chilango cha ndalama potengera kuchuluka ndi kutalika kwa nthawi zimene magetsi azima. Pemphani kuti mfundo yotere ilembedwe m'chilolezo chokwezera mtengocho chisanasainidwe.