Kodi ndilipire katswiri kuti andilembere pempho la grant?

Wandilembera imelo ndi mayi amene anamaliza PhD zaka zitatu zapitazo. Mapempho awo a ndalama za kafukufuku akanidwa kawiri, ndiye akufunsa ngati n'chanzeru kulipira katswiri kuti awalembere lachitatu.

Mayi, musanatulutse ndalama, tengani ndemanga za ounika, akatswiri amene anaunika mapempho anu, muziwerengenso mtima uli m'malo. Kukanidwa kuli mitundumitundu. Ku NIH, bungwe la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, ounika amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 9, 1 ndiye wapamwamba, ndipo pafupifupi theka la mapempho kapena kuposerapo sakambidwa n'komwe komiti ikakumana. Pempho limene silinafike pokambidwa ndi limene linakambidwa n'kuperewera pang'ono ndi matenda awiri osiyana, mankhwala akenso ngosiyana. Ngati ounika akuti sakumvetsa zimene mukufuna kuchita, vuto ndi kalembedwe, ndipo mkonzi wabwino angakuthandizeni. Koma akati funso lanu ena analiyankha kale, kapena anthu amene mudzawayeze ndi ochepa moti zotsatira sizingakhulupirike, palibe wolemba amene angakupulumutseni. Adzangokometsa ziganizo, dzenje lili pomwepo.

Ndipo apa ndiumirira: pempho lolembedwa ndi munthu amene sadzachita nawo kafukufukuyo limadziwika. Mawu amakhala osalala, koma pa njira zogwirira ntchito pamakhala pofooka. Silinena chimene mudzachite njira yoyamba ikakanika, poti wolembayo sanaonepo ikukanika. Ounika amafunafuna zimenezo. Ena mwa opereka ndalama, monga ERC ya ku Ulaya, amaitananso wopempha kuti ayankhe yekha mafunso pamaso pa komiti. Pamenepo katswiri uja sakhalapo.

Amene amandinyansa kwambiri ndi aja amati "mudzatilipira mukapambana, tidzangotapa gawo la grant." Opereka ndalama ambiri salola kuti malipiro otere achoke mu bajeti, ndiye ngongoleyo imatsalira inu, kapena mumayamba kuibisa pa mzere wina, oona za chuma n'kudzaitulukira pakauniuni.

Kumene mapempho amafera mwakachetechete

Ambiri sagwa chifukwa cha sayansi. Amagwa chifukwa wopempha sanawerenge mmene malikisi amagawidwira. Pa Marie Skłodowska-Curie Postdoctoral Fellowships, thandizo la ku Ulaya la ofufuza amene anamaliza PhD, ubwino wa kafukufuku umatenga 50 peresenti, phindu lake 30, dongosolo la ntchito 20. Ofufuza ambiri amathera mphamvu zonse pa gawo loyamba, magawo awiri enawo n'kuwalemba usiku womaliza, kuiwala kuti theka la malikisi lili kumeneko. Ena amagwa ndi bajeti yosagwirizana ndi ntchito: mwalemba kuti mudzayenda kukatolera zinthu zoyeza katatu, koma ndalama za ulendo mwaika za kamodzi. Enanso amachedwa chabe. Ku NIH pempho limatumizidwa ndi bungwe lanu, osati inu, ndipo kulembetsa bungwe pa mawebusaiti a boma la America a SAM.gov ndi eRA Commons kungatenge milungu 6 kapena kuposerapo. Amene amasaina ku ofesi ya kafukufuku naye ali ndi mulu wa mapempho a anzanu patebulo, sangasiye zonse chifukwa inu mwafika kutatsala tsiku limodzi kuti nthawi yotumiza ithe.

Ndiye chitani izi. Funsani mkulu woyang'anira pulogalamu imene munapemphako ndalama ngati n'koyenera kutumizanso. NIH imalola kubwereza kamodzi, ndipo pa R01, mtundu umodzi wa grant zake, mumapatsidwa tsamba limodzi loyankhira ounika. Lembani tsamba limodzi la zolinga, mupatse munthu amene anakhalapo mu komiti younika ndi wina wa phunziro losiyana ndi lanu, kutatsala miyezi itatu kuti nthawi yotumiza ithe. Bajeti muipangire limodzi ndi ofesi ya kafukufuku. Mkonzi mumulipire pomaliza, pa ntchito yokonza chilankhulo yokha, mtengo mutagwirizaniratu komanso atasaina kuti sadzaulula zimene wawerenga.