Madzi sathetsa phokoso, amangoliphimba

Achimwene, mwafunsa ngati kuika kasupe wa pampu pabwalo kungathetse phokoso la magalimoto a mumsewu. Kuthetsa ayi. Madzi amaphimba phokosolo ndi mkokomo wina wokoma m'khutu, moti maganizo amaleka kutsata injini ndi matayala.

Chachikulu ndi pomwe mwaika madziwo. Akhale pafupi ndi mpando wanu, osati kumpanda wa kumsewu. Kasupe wamng'ono ali chapafupi amaposa wamkulu ali patali.

Samalaninso kagwedwe kake. Madzi ongoti tho tho pamwala amaphimba kulira kwa matayala, koma kugunda kwa malole ndi mabasi kumadutsabe. Pamenepo pamafunika madzi ambiri ogwera m'dziwe lakuya, kuti mawu ake akhale okhuthala. Ku New York, paki yaing'ono ya Paley Park yomwe inatsegulidwa mu 1967 ili ndi mathithi ogwa kuchokera pamwamba mamita 6 pakhoma lakumbuyo, ndipo anthu amacheza momasuka pakati pa mzinda.

Ine ndingayambe ndi khoma lolimba lopanda mipata kumbali ya msewu, madzi pambuyo. Pampu izigwira ntchito nthawi zonse, chifukwa madzi akaima udzudzu umaswana.