Yankho kwa amalume pa nkhani ya ma humanities

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupu, loti mtsikana wanu akufuna kukaphunzira ma humanities ku yunivesite, ndiye mukuti kodi n'chiyani chimenechi, nanga chithandiza yani. Ndiyankhe pakamwa, kulemba kunditalikira.

Ndi maphunziro a zimene anthu aganiza, anena, alemba ndi kupanga. Muli mbiri yakale, zilankhulo, ndakatulo, filosofi (kuganiza mozama za moyo, chabwino ndi choipa), zipembedzo, nyimbo, zisudzo, zonsezo. Wasayansi amafufuza mmene chinthu chimagwirira ntchito. A ma humanities amafunsa kuti wanena zimenezi ndani, akutanthauza chiyani, nanga n'zoyenera?

Funso lomalizali musalipeputse ayi. Ku America, ku Tuskegee, kuyambira 1932 mpaka 1972, madokotala a boma ankangoyang'anira amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko osawachiza, ati aone mmene matendawo amamudyera munthu. Penisilini, mankhwala ochiza chindoko, anali atapezeka kale m'zaka za m'ma 1940, koma iwo zii, osawapatsa. Nzeru za mankhwala anali nazo madokotalawo. Nkhani itaululika, mu 1979 kunatuluka Belmont Report, chikalata cha mfundo zoyenera kutsata pochita kafukufuku pa anthu, ndipo anthu a filosofi anathandiza nawo kuilemba. Mfundo yake ina ndi yoti munthu asalowetsedwe m'kafukufuku asanauzidwe zonse n'kuvomera yekha. Fomu ija amakusainitsani pa kafukufuku wa zaumoyo, mizu yake ina ili kumeneko.

Tibwere pakati pa anthu tsopano. Mabanja awiri akakangana malire a munda, pamafunika wina wodziwa kuwerenga chikalata chakale, kumvetsera nkhalamba za mbali zonse, n'kuona pomwe umboni ukusemphana. Ophunzira mbiri amaphunzitsidwa zomwezo. M'khoti, womasulira akaphonya liwu limodzi, wosalakwa atha kumangidwa. Ngakhale mauthenga omwe timangotumizirana pa WhatsApp pano, eee, sinditchula munthu, mwana wa humanities amayamba wafunsa kuti walemba ndani, liti, akufuna chiyani.

Za ntchito, ndisakunamizeni, digiri imeneyi siikuloza khomo limodzi ngati ya unamwino. Ena amakhala aphunzitsi, atolankhani, omasulira, osunga zolemba zakale, ena m'mabungwe. Zimafuna mwana wokonda kuwerenga ndiponso wodziwa kulemba bwino, waulesi amavutika nazo.

Ndiye musanamuletse, mufunseni kuti mwa zonsezi mtima wake uli pa chiti, mbiri, zilankhulo kapena filosofi. Akakuyankhani mumuuze andiimbire madzulo, tikambirane.