Mphwanga, usawonjezere feteleza, mbewu zakozo zikubanika

Eee, mphwanga, zithunzi zija waponya pagulupu pano usiku ndaziona, funso lakonso ndalimva. Pepa ndachedwa kuyankha, kuntchito kwathu foni timasiya panja tikamalowa m'zipinda za mbewu, ndiye ndangoweruka kumene. Ukuti uli ndi mitengo itatu ya chamba m'tenti yolimiramo mbewu ndi magetsi, m'galaja mwakomo ku Cape Town, masamba apansi achita chikasu, mitengo ikuoneka yofooka ngakhale ukuthirira tsiku ndi tsiku, ndipo masamba ena atuluka zoyera ngati munthu wawaza ufa. Ndiye ukufunsa ngati uwonjezere feteleza. Ayi mphwanga, usawonjezere ngakhale pang'ono. Mbewu zakozo sizili ndi njala. Zikubanika.

Koma ndisanapite patali, ndilankhule kaye ndi achemwali, chifukwa ndikudziwa kuti ataona zithunzizo mtima unagunda. Achemwali, mwana wanuyu sanalakwire lamulo la kuno. Pa 18 September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kugwiritsa ntchito chamba pamalo pake, cha iye mwini, ndipo mu May 2024 pulezidenti anasainira lamulo la nkhani yomweyi. Kugulitsa ndiye ayi, umenewo ndi mlandu, kupatsa mwana ndi mlandunso waukulu. Ineyo komwe ndikugwira ntchito ndi famu ya chamba cha mankhwala, ili ndi chiphaso cha boma. Tsono inu anyamata a kumudzi amene muli pagulupu pano, mundimvetse bwino. Ku Malawi lamulo la 2020 limalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale basi, ndipo pamafunika chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Wopanda chiphaso akapezeka nacho amamangidwa monga kale. Ndikulankhula ndi amene ali ku Cape Town, osati inu.

Chabwino. Mphwanga, zinthu zitatu zimene ukuzionazo gwero lake ndi limodzi. Mbewu ikamwa madzi ndi mizu, pafupifupi onse imawatulutsanso kudzera m'masamba, amatsala m'thupi mwake ndi ochepa zedi. Ndiye taganiza, iwe ukuthira madzi tsiku lililonse, masamba ndi ochuluka mothinana, tenti ndi yotseka, kafani kako ndi kamodzi kakang'ono kaja ndakaona pakona. Madzi onsewo akupita kuti? Akungozungulira momwemo. Komanso kwanuko ino ndi nyengo yozizira ndi ya mvula, si ngati kuno ku Gauteng kumene June amakhala wouma mpaka milomo kung'ambika. Mpweya umene ukulowa m'galaja mwakomo ndi wonyowa kale.

Tiyambe ndi madzi, pakuti ndi pamene pali vuto lalikulu. Siya kuthirira lero lomwe. Mizu imapuma ngati iwe ndi ine, imafuna mpweya umene umakhala m'timipata ta dothi. Dothi likangokhala lonyowa osaumako, timipatato timadzaza madzi, mizu imayamba kuwola, ndipo mizu yowola siyimwa. N'chifukwa chake mbewu yothiriridwa mopitirira imaoneka ngati ya ludzu, munthu n'kuthiranso madzi ena pomvera chisoni. Pali kusiyana koma. Ya ludzu masamba ake amakhala opyapyala, olobodoka ngati nsalu. Yokhuta madzi masamba amakhala olemera, onenepa, opindikira pansi. Akowo ndi opindikira pansi, ndawaona bwinobwino pachithunzi chachiwiri chija.

Njira imene ndikufuna uphunzire ndi ya manja. Nyamula poto wako pano ali wonyowa, umve kulemera kwake. Mawa umunyamulenso, mkuja chimodzimodzi. Tsiku limene udzamve kuti wapepuka kwenikweni, ndipo ukapisa chala mpaka mfundo yachiwiri dothi ndi louma, pamenepo ndiye uthirire. Akhoza kukhala masiku atatu, akhoza kukhala asanu, mbewu siyiwerenga kalendala. Pothirapo uthire pang'onopang'ono kuzungulira poto yense, mpaka madzi pang'ono ayambe kutuluka pansi. Madzi otulukawo uwataye, usasiye poto atakhala m'mbale yamadzi usiku wonse. Ndaonanso kuti mapoto ako ali pansi penipeni pa simenti. Simenti ya m'galaja nyengo ino imazizira kwambiri, mizu ikazizidwa imachita ulesi kumwa. Ikapo timatabwa kapena kachitsulo ka mipata kuti poto akwere pang'ono. Uzithirira magetsi akangoyaka kumene, osati atatsala pang'ono kuzima, ndipo madzi asakhale ozizira ngati a m'firiji, uwasiye m'ndowa m'nyumba afunde kaye. Ngati uli ndi koyezera pH, ndiye kuti mlingo wa asidi m'madzi othirira, pa dothi uzisunga pakati pa 6 ndi 7. Ukanakhala kuti wabzala mu coco, zija za makoko a kokonati zobzalamo m'malo mwa dothi, bwenzi ndikukuuza zina, chifukwa ameneyo amafuna madzi pafupipafupi, koma lakolo ndi dothi.

Ukaona tintchentche tating'ono takuda tikuuluka pamwamba pa dothi, dziwa kuti ndi umboni winanso woti dothi lanyowa nthawi yaitali. Timaikira mazira m'dothi lonyowa, mphutsi zake zimadya timizu tanthete. Pamwamba pakamauma timachepa tokha.

Tsopano mpweya. Ukukumbukira chigafa cha agogo ku Mponela? Unali wamng'ono, koma unkatithandiza kunyamula ndawala. Fodya wa bale amauma ndi mphepo basi, n'chifukwa chake chigafa sichikhala ndi zipupa. Chaka chimene tinapanikiza fodya wambiri m'chigafa chimodzi mvula ili mkati, wapakati yense anachita chuku, tinataya. Agogo sanatikalipire, anangotitenga n'kutiuza kuti pisani dzanja pakatipo. Munali motentha, monyowa, mphepo siyimafikamo. Tenti yakoyo ndi chimodzimodzi. Pisa dzanja pakati pa masamba ako m'mawa, umva zomwezo.

M'tenti mumafunika ntchito ziwiri zosiyana, anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kutulutsa mpweya wakale. Imeneyi imafuna fani yokoka, ya paipi, yoikidwa pamwamba chifukwa mpweya wotentha umakwera, ndipo timazenera tapansi ta tenti utitsekule kuti watsopano uzilowa. Ikamagwira bwino uona zipupa za tenti zikukokekera mkati pang'ono. Koma paipiyo isathere m'galaja momwemo chitseko chili chotseka, apo ayi ukungobweza mpweya womwewo. Itulukire pawindo. Ntchito yachiwiri ndi kutakasa mpweya wa mkati, ndiyo ya kafani kako kaja. Gula kena, kamodzi kaziwomba pamwamba pa masamba, kena pansi pake, pamene pali mapoto. Usalozetse fani pa mtengo umodzi tsiku lonse, masamba amauma m'mbali n'kupindika. Timafuna masamba azingogwedezeka pang'ono ngati kamphepo ka madzulo.

Ndipo chonde, ichi ndiye usaiwale: mafani asazime usiku. Ambiri amalumikiza zonse pa taimala imodzi, kaja kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yake, magetsi akazima mafani nawonso azima. Nthawi yoopsa ndi imeneyo. Magetsi akazima m'tenti mumazizira msanga, mpweya wozizira susunga chinyezi chambiri, ndiye chimatera pamasamba ngati mame. Ine ndinaziona ndi maso anga chaka changa choyamba pantchitoyi. Fani ya chipinda chimodzi inafa Lachisanu usiku, palibe anazindikira mpaka Lolemba, mbewu zili pafupi kukololedwa. Kunja maluwa ankaoneka abwinobwino, koma ukatsekula mkati muli mwa bulauni, mwa ubweya wotuwa. Tinataya zambiri, ntchito ya miyezi itatu. Ndinalira mumtima tsiku limenelo.

Gula kamita koyezera kutentha ndi chinyezi, ndi kotchipa, ukapeze kamene kamasunga nambala yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri. Ukapachike pa msinkhu wa nsonga za mbewu, osati pansi. Mbewu zikamakula masamba, chinyezi cha 55 mpaka 65 peresenti chili bwino. Zikayamba maluwa chitsike, chikhale pakati pa 40 ndi 50. Kutentha magetsi ali oyaka kukhale cha m'ma 22 mpaka 28 digiri, usiku kusatsike kwambiri kupyola 18. Ngati chinyezi chikukana kutsika chifukwa cha mvula ya kwanuko, pafunika makina oumitsa mpweya, uwaike m'galajamo. Zamagetsi zonsezi zikhale m'mwamba, kutali ndi madzi, ndipo usadzaze zonse pa soketi imodzi. M'nyumbamo mumagona ana, galaja uzikhoma ndi loko nthawi zonse.

Tibwere ku masamba. Apa ndikufuna undimvetsere modekha chifukwa achinyamata mukaonera mavidiyo mumathyola mpaka mtengo kutsala mbulanda. Tsamba ndi khitchini ya mbewu, ndimo imaphikira chakudya chake ndi kuwala. Sitithyola chifukwa choti tsamba ndi loipa, timathyola kuti kuwala ndi mphepo zidutse. Magetsi a m'tenti sali ngati dzuwa limene limayenda kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo n'kumaunika m'mbali. Amangowala kuchokera pamwamba, ndipo mphamvu yake imatha msanga ukamatsika. Ndiye zonse zimene zili pansi mumdima sizipindula kanthu, zimangotulutsa chinyezi ndi kusunga matenda.

Uyambe pansi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, kuyambira pa dothi, uyeretse: masamba achikasu aja, timphukira tofooka, tinthambi tosafika kowala. Kenako uyang'ane pakati, pamene masamba awiri agonerana. Ukawasiyanitsa upeza pali madzi pakati pawo, chotsa limodzi. Masamba apamwamba athanzi uwasiye, ngati lina laphimba nsonga ingolipindira pansi pa nthambi. Ndipo usachite zonse tsiku limodzi, makamaka panopa mizu ikudwala. Lero uchotse odwala okha. Dikira mtengo udzuke, pakatha sabata uchotseko ena, osapitirira tsamba limodzi pa masamba asanu alionse nthawi imodzi. Sizasi ikhale yakuthwa, uziipukuta ndi spiriti ukamachoka pa mtengo wina kupita pa wina.

Zoyera zangati ufazo ndi matenda a chuku cha pamasamba, chofanana ndi chija chimagwira masamba a maungu kudimba. Chimayenda ndi mphepo, ndiye pochotsa masamba amenewo uzimitse kaye mafani kwa mphindi zochepa, uwadule mosagwedeza, uwaike m'pulasitiki, umange, ukataye kunja. Ukatero upukute zipupa za tenti ndi pansi pomwe, usambe m'manja, usinthe malaya. Popeza mbewu zako sizinayambe maluwa, mpata ulipo. Kumasitolo a zaulimi amagulitsa mankhwala a potassium bicarbonate opopera masamba, utsatire zolembedwa pa botolo, upopere magetsi atazima kapena atachepetsedwa kuti masamba asapse, mafani akuyenda kuti aume msanga. Maluwa akangoyamba, kupopera kwatha. Ndipo duwa lililonse limene lachita chuku ndi lotaya. Osaliumitsa, osalitsuka, osalisunga. Chuku chikalowa m'mapapo chimadwalitsa kwambiri, makamaka munthu amene thupi lake ndi lofooka kale.

Wafunsanso za kudula nsonga. Ku fodya tinkathena mochedwa, kuchotsa duwa kuti mphamvu ipite ku masamba. Kuno cholinga ndi china. Timadula nsonga mtengo ukadali waung'ono, uli ndi mfundo 4 kapena 5, kuti m'malo mwa mutu umodzi wautali utulutse nthambi zingapo zofanana msinkhu, zonse zizilandira kuwala mofanana. Yakoyo yakula kale ndipo ikudwala, usaidule panopa. Nthambi zazitalizo uzipinde pang'onopang'ono, uzimangirire m'mbali mwa poto ndi chingwe chofewa, pakati patseguke ngati dengu. Ndiponso usafulumire kusintha magetsi kuchoka pa maola 18 kupita pa 12 patsiku, kusintha kumene kumayambitsa maluwa. Ukangosintha, mtengo umathamanga kukula kwa masabata awiri kapena atatu, ena amatalika kuwirikiza kawiri, ndiye tenti imene yathina kale idzathina koposa. Uyambe wachiritsa. Ndikaona kukula kwa tenti yakoyo, ine ndikanasiya mitengo iwiri yokha, wofooka kwambiri uja wa kumanzere ndikanauchotsa. Ndikudziwa zikuwawa, unaulera kuchokera ku njere, koma ukulanda mpweya wa inzake.

Ndiye chita izi: lero usathirire, kweza mapoto, chotsa masamba odwala, mafani asazime. Pakatha masiku anayi unditumizire zithunzi kumbali, osati pagulupu, tisawatopetse achemwali. Ujambule magetsi a tenti atazima, ndi kuwala wamba, kuti ndione mtundu weniweni wa masamba, ujambulenso kunsi kwa tsamba ndione ngati kulibe akangaude ofiira. Unditumizirenso nambala ya pa kamita kaja m'mawa magetsi asanayake. Basi yanga yafika, ndikwere. Upereke moni kwa apongozi ndi ana.