Kapusozi m'madzi a njuchi? Bambo, musatero

Bambo wina wa ku Malosa, amene ali ndi ming'oma m'mphepete mwa nkhalango, wandilembera imelo. Anzake akumuuza kuti azisungunula kapusozi wa tetracycline, mankhwala opha mabakiteriya, m'madzi a shuga amene amapatsa njuchi maluwa akasowa, ati kuti zisadwale. Akufunsa ngati atero.

Bambo, chonde musatero. M'matumbo a njuchi yantchito mumakhala mabakiteriya a mitundu yochepa chabe, ndipo ambiri mwa iwo sakhala kwina kulikonse koma mu njuchi. Njuchi ikangotuluka m'chisa imakhala ilibe tizilomboti, imatengera kwa zinzake m'masiku oyambirira. Mwa mabakiteriyawa, otchedwa Snodgrassella alvi amamatirira kukhoma la thumbo, ena otchedwa Gilliamella apicola n'kukhala pamwamba pawo.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi majini (genes) awo, ndiko kuti malangizo achibadwa amene ali mu DNA yawo. Mu 2012, asayansi Philipp Engel, Nancy Moran ndi anzawo atawerenga DNA ya mabakiteriyawa, anapeza kuti Gilliamella ali ndi majini ogaya pectin, amene amapezeka m'khungu la mungu. Koma si Gilliamella aliyense amene ali nawo: m'thumbo limodzi wina amagaya, mnzake wa dzina lomwelo ayi. Ena amathanso kugaya shuga wotchedwa mannose, amene ndi chiphe kwa njuchi. Kapusozi wanu sasankha, amapha ndi mabakiteriya othandizawa omwe, amangosesa ngati moto wolusa paphiri la Zomba mu Okutobala.

Ku America alimi akhala akupatsa njuchi oxytetracycline, mankhwala a mtundu wa tetracycline, kuyambira m'ma 1950 polimbana ndi foulbrood, matenda oolera ana a njuchi. Mu 2012 mabakiteriya a m'njuchi zakumeneko anapezeka ndi majini 8 osamva mankhwalawa, pamene ku Switzerland ndi New Zealand, kumene sawagwiritsa ntchito, majini otere anali ochepa kwambiri. Kenako mu 2017, gulu la Moran ku Texas linaona kuti njuchi zopatsidwa tetracycline zinkafa msanga, ndipo kachilombo ka Serratia kankazigwira mosavuta. Musaiwalenso kuti mankhwalawo amatsalira mu uchi umene ana anu adzanyambita.

Chinanso, ngati mumapopera mankhwala opha udzu a glyphosate pafupi ndi ming'oma, dziwani kuti kafukufuku wa 2018 anasonyeza kuti amachepetsa Snodgrassella.

Njuchi zanu zipatseni madzi a shuga okhaokha, ndi madzi akumwa pafupi. Mukatsegula mng'oma n'kumva fungo lowola kapena kuona ana a njuchi atasanduka phala lofiirira, itanani alangizi a zankhalango kapena a ziweto adzaone musanathire chilichonse.